Kolala Yoyera ya a Sitachi

Fungo la makala otsekeredwa m'nsimbi, likasakanikirana ndi nthunzi ya nsalu yonyowa, limandibweza pakhonde la agogo anga aamuna ku Domasi, Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere pamwamba pa mitengo ya mango. Ndimawaona ataimirira kuseri kwa tebulo lawo loyalidwa bulangete lakale, akugwedeza nsimbi uku ndi uku kuti mphepo ilowe m'timabowo, phulusa likuuluka n'kumagwera nkhuku pamsana, kenako akunyowetsa chala ndi malovu n'kugunda kunsi kwa chitsulocho kuti amve kulira kwake. Ikalira bwino ankati yadzuka. Ikapsa mopitirira ankaikhazika pamwala n'kuidikira, manja ali kumbuyo, chifukwa agogo sankathamangira chovala.

Dzina lawo anali a Saizi, bambo wa amayi anga, koma kuyambira kwa Malemia mpaka kumsika anthu ankawadziwa kuti a Sitachi. Makolo awo anachokera ku Mozambiki iwo ali kumsana, ndipo akapsa mtima Chilomwe chinkatuluka chokha osachiitana. Unyamata wawo wonse anathera ku Zomba pa ntchito ya udobi, kuchapa ndi kusita zovala m'nyumba za azungu. Azunguwo atayamba kulongedza, nawonso anabwerera kumudzi ndi nsimbi yawo, sutikesi imodzi ndi chikhulupiriro chakuti munthu wamoyo sayenda ndi makwinya. Sitachi ankapanga okha. Ankapala chinangwa pa chitini chobooledwa ndi msomali, n'kufinya m'kansalu, n'kusiya madziwo adikhe mpaka ufa woyera utsalire pansi pa beseni. Ana tonse a pamudzipo tinkadziwa kuti beseni limenelo silokhudza.

Kavalidwe kawo kanali kamodzi chaka chonse, mvula kaya dzuwa. Malaya oyera a manja aafupi, kolala itaima njo, kabudula wa khaki wolekeza pamwamba pang'ono pa bondo, masokosi aatali opindidwa bwino, ndi nsapato zofiirira zimene ankapukuta ndi khoko la nthochi. M'thumba la pachifuwa munkasuzumira kansalu ka biriwita, nsalu yakuda yobiriwira ija amayi akale ankavala, kamene anang'amba pa chilundu cha agogo aakazi atamwalira. Ngakhale kabudula wakumunda, wazigamba kumbuyo konse, ankadutsa kaye pansi pa nsimbi asanakakumane ndi khasu. Akamachokera kumtsinje, munthu ankawazindikira ali kutsidya, nkhope isanaoneke.

Si kuti sankaona zimene anzawo akuvala. Zaka zimenezo zovala zinkasintha ngati mitengo ya pamsika. Anyamata ochokera ku Joni ankatsika basi atavala mathalauza othina m'ntchafu koma otambalala kumapazi, atsikana a m'tauni anayamba mawigi ndi madiresi olekeza pamwamba pa mawondo, ndipo ife a kumudzi tinkawatsatira ndi maso mpaka akhote. Amalume anga a Dayisoni atabwera kuchokera ku migodi anawabweretsera agogo thalauza lotero, lofiirira ngati dothi la katondo, n'kuwauza kuti kabudula ndi chovala cha antchito a azungu, pomwe dziko linalandira kale ufulu. Agogo sanakane mphatso. Analivala pamaso pa tonse, n'kuyenda mwaulemu kuchokera pakhonde kukafika pankhokwe n'kubwerera, nsalu ikukokota fumbi, ife tikudziluma milomo kuti tisaseke. Atatero anayamikira kuti thalauzalo limasesa bwino pabwalo, n'kukalivula.

"Mzungu anapita, koma miyendoyi ndi yanga," agogo anawauza amalumewo. "Yunifolomu yawo ndinaisiya konko ndi mabatani ake. Uyu kabudula ndinasankha ndekha. Nanga ndikavala za aliyense, mukandipeza bwanji pamsika?"

Mu sutikesi yawo munali chovala chimodzi chimene sitinawaonepo atavala: jekete yoyera ya nsalu yolimba, imene anasoketsa ndi malipiro awo omaliza. Mvula ikatha ankaitulutsa, kuiyanika pamthunzi, kuisita mofatsa, n'kuibwezera. Sankabisa ntchito yake. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti imeneyo ndi imene adzawaveke tsiku lopita kumanda, ndipo amayi anali atalangizidwa kambirimbiri za kapindidwe ka manja ake.

Ine ndinali mdzukulu wawo woyamba wamkazi, choncho mwa mwambo wathu ankandiseka kuti ndine mkazi wawo. "Akazi anga, madzi a nsimbi," ankatero, ine n'kuthamanga ndi kambale. Ndinkawakonda kwambiri, koma nditafika Sitandade 6 ndinayamba kuchita nawo manyazi pang'ono. Anzanga akusukulu ankatsanzira kayendedwe kawo, ndipo ine mtima wanga wonse unali pa zinthu zonyezimira za m'tauni.

Chaka chimenecho achemwali anga a Feliya, mwana wa amayi aakulu, anapeza banja ndi kalaliki wa ku Zomba, ndipo ukwati unakonzedwa kuti uchitikire kutchalitchi kwathu m'nyengo yotentha, mango atayamba kupsa. Ine ndinasankhidwa kukhala mmodzi wa atsikana operekeza mkwatibwi. Amene ankayendetsa zonse za mzere wathu anali a Joyisi, mlongo wa mkwati, mayi wa ku Limbe wovala wigi ndi nsapato zazitali zimene zinkamira m'mchenga wa pabwalo pathu. Iwo ndiwo anabweretsa madiresi athu, osokedwa kale m'tauni, onse ofanana: nayiloni wa pinki woterera, wopanda manja, wolekeza pamwamba pa bondo. Anatiuza kuti ku Blantyre aliyense wodziwa zinthu akuvala zimenezo, ndipo mzere wabwino ndi woti munthu asasiyanitse uyu ndi uyu.

Sindinagwirepo chinthu chokongola chotero. Kwa nthawi yoyamba ndinali woti ndifanane ndi atsikana a m'tauni, pamaso pa mudzi wonse, ndipo kunali kudzabwera wojambula zithunzi. Madzulo aliwonse tinkayeserera masitepe pabwalo la amayi aakulu, awiriawiri, a Joyisi akuomba m'manja. Diresilo ndinalipinda n'kulibisa pansi pa mtanga wa zovala kuopa mphemvu ndi ang'ono anga. Agogo atalikhudza tsiku loyamba analitikita pakati pa zala, n'kulinunkhiza, n'kunena kuti nsalu imeneyi sakuidziwa, ndipo ikuoneka kuti nayonso siiwadziwa. Sananene zambiri, poona mmene ndinkasangalalira.

Lachinayi la sabata ya ukwati ndinalitulutsa lili ndi mizere ya mopindidwa. Kwathu chovala chilichonse chofunika chinkapita kwa agogo. Madiresi a ubatizo, malaya a akuluampingo, ngakhale nsalu ya patebulo la Mgonero, zonse zinkadutsa pakhonde lija. Choncho ndinalitenga n'kupita nalo, monga mmene aliyense akanachitira. Panalibe amene anatiuza kuti nayiloni sagwirizana ndi moto, ndipo a Joyisi, omwe ankadziwa, sanaganize kuti pali munthu padziko amene sakudziwa.

Agogo anachita zonse mwa dongosolo lawo. Anayala diresi chafufumimba, anawaza timadzi, anayesa nsimbi ndi chala, anaipukuta pa chiguduli. Kenako anaikhazika kumsana, m'munsi pang'ono mwa khosi. Sipanamveke phokoso lalikulu. Panangotuluka kautsi ndi fungo ngati la tayala lopsa, ndipo ataikweza nsimbi, nsalu inakwera nayo limodzi ikutamuka ngati ulimbo. Pa diresi panatsala bowo looneka ndendende ngati mphuno ya nsimbi, m'mbali mwake mutauma gwa.

Tonse awiri tinangoliyang'ana. Agogo anatsegula nsimbi, anakhuthulira makala pansi, n'kuwathira madzi onse a m'kambale.

"Ndakulakwirani, akazi anga," anatero motsitsa mawu. "Chiyambire ntchitoyi sindinawotchepo chovala cha munthu."

Ndinalanda diresi langa n'kuthawira kuseri kwa khola la mbuzi, komwe ndinalira mpaka mutu kuwawa. Amayi anapita nalo kwa amayi aakulu, ndipo anabwerako ndi nkhani yoipa. Nsalu yotsala panalibe, nsalu yotero ku Zomba sinkapezeka, ndipo a Joyisi ananena mosapita m'mbali kuti mwana wa diresi lobooka sangaime pamzere. Ndikhale pansi ndi ana ena, adzapeza njira yokonzera masitepe. Madzulo amenewo ndinamva anzanga akuomba m'manja kwa amayi aakulu, ine ndili m'nyumba. Agogo sanadye. Amayi anawapititsira kalongonda, chakudya chimene sankachikana ngakhale akudwala, koma mbale inabwerera mmene inapitira.

M'mawa mwake anandiitana. Anali atavala monga mwa masiku onse, koma malaya anali a dzulo, osasita, kolala itagwa mbali imodzi. Zimenezo zinandiopsa kuposa bowo lija. M'khwapa anali atapanira kamtolo kokulungidwa m'pepala. Anandiuza kuti nditenge diresi tipite ku Naisi, ndipo tinayenda m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, malole akutithira fumbi, phiri lili kudzanja lamanja.

Ku Naisi kunali telala wachiyawo, Che Amidu, amene ankasokera pakhonde la sitolo ndipo ndiye ankasoka akabudula a agogo. Ataona bowolo anapukusa mutu n'kunena kuti chigamba pa nayiloni chimaoneka ngati chilonda. Agogo anati sakufuna chigamba. Anamasula kamtolo kaja, ndipo pa makina a Che Amidu panagwera jekete yoyera ija. Anafotokoza kuti telalayo adule kumsana kwake konse, asoke kolala yaikulu yozungulira kutsogolo, yogwera kumapewa ndi kumsana mpaka kuphimba bowo. Isasokereredwe pa diresi, koma ikhale yomangira timabatani, kuti izichotsedwa pochapa ndi posita, nayiloniyo asadzaonanenso ndi moto.

Che Amidu anaika sizasi pansi. Jeketeyo ankaidziwa, ndipo ankadziwa ulendo umene inkadikira.

"A Saizi, iyi si ija munati mudzapita nayo?"

"Ndi yomweyo."

"Ndiye mukafika bwanji kwa Mulungu ndi jekete yopanda msana?"

"Tsiku limenelo ndidzagona chagada," anayankha agogo. "Kumsana adzaonako ndani? Dulani, mwanayu ali ndi ukwati mawa."

Telalayo anaseka mpaka kupukuta misozi, koma podula anadula mwaulemu, kutsata msoko, n'kupinda m'mphepete mwa mbali zotsalazo kuti zisamasuke. Agogo anaima pambali pake nthawi yonse akulozera: apa pazungulire, apa patsike pang'ono, khosi la mwanayu ndi lalitali ndiye kolala isamukwere. Sindinkadziwa kuti ankandiyang'ana motero, mpaka kudziwa khosi langa. Titafika kunyumba anakoleza makala, anapala phula la pinki linakakamira kunsi kwa nsimbi ndi mpeni, anaviika kolala mu sitachi, n'kuisita mpaka inawala. Atamaliza anasitanso malaya awo, ndipo amayi anapumira m'mwamba.

Sindinganame kuti ndinaikonda tsiku limenelo. Nditafika kwa amayi aakulu Loweruka m'mawa, anzanga onse ali pinki yekhayekha, ine ndinali ngati nkhunda yolowa m'khola la nkhuku. A Joyisi anandizungulira kawiri, n'kunena kuti zoterezi zinatha kalekale, ndikuoneka ngati namwino wa kumishoni, ndipo ndiwononga chithunzi. Misozi inali itayamba kale kubwera pamene achemwali a Feliya anayankhula ali pampando, akumangidwa velo. Anafunsa kumene nsalu yoyerayo yachokera, ndipo amayi anawanong'oneza. Atamva, a Feliya anati mwanayo ayenda, ndipo ngati sakufanana ndi anzake ayende yekha kumbuyo kwawo atagwira velo kuti lisakokote fumbi. A Joyisi anakweza mapewa, koma mkwatibwi anali atanena.

Ndinayenda choncho, ndekha, masitepe onse ndinaphunzira aja osagwira ntchito. Kunatentha kwambiri, nayiloni anatimatirira tonse pathupi, ndipo thukuta linkatsika m'miyendo chifukwa nsaluyo siimwa madzi. Ndinkamva anthu m'mbali mwa njira akufunsana za operekezawo, kuti uyu ndi mwana wa yani, nanga uyo, osapeza yankho msanga. Koma ndikamadutsa ine panalibe wofunsa. "Uyo ndi wa a Sitachi," ankatero, ena akuseka, ena ayi. Zinandipweteka, chifukwa tsiku limenelo ndinkafuna kukhala wa ku Limbe. Pakhomo la tchalitchi ndinawaona agogo ataima ndi kabudula wawo pakati pa amuna a masuti obwereka. Sanandimwetulire. Anangondilozera ndi chala kuti mbali yakumanzere yapindika, ndipo ndinaikonza.

Madiresi a pinki aja sanakhalitse. Patangopita zaka zochepa kunabwera lamulo loletsa zovala zoonetsa mawondo, ndipo anzanga ena anasokerera nsalu zina kumunsi, ena anangowataya. Langa linapita kwa mng'ono wanga, kenako linayesedwa chopukutira mbale n'kulephera. Koma kolala inatsala. Ndinasokerera timabatani pa diresi langa la Lamulungu n'kuimangapo, poyamba chifukwa linali lothetheka m'khosi, kenako chifukwa ndinaona pagalasi kuti nkhope yanga imakhala bwino pamwamba pa choyera. Nditapita ku sekondale ndinaitenga. Atsikana kumeneko anadutsa m'mawigi, m'nsapato za zidendene zokhuthala, m'malamba otambalala, ndipo zina mwa izo nanenso ndinayesako. Koma Lamulungu likafika ndinkabwerera ku kolala yanga, ndipo palibe amene ankavutika kundipeza pagulu.

Agogo anandiphunzitsa kusita patchuthi, atayamba kufooka m'manja. Ankakhala pampando n'kumandiuza kuti ndiyambe kolala, kenako mapewa, thupi pomaliza. Za nayiloni sanazitchulenso, koma wina akabweretsa chovala choterera ankachibweza mwaulemu, n'kunena kuti chimenecho ndi cha anthu ena.

Anamwalira chaka chimene ndinamaliza sekondale, chimanga chili chofiirira m'minda. M'mawa wa tsiku loika maliro amayi anatsegula sutikesi n'kundipatsa zovala zawo kuti ndisite, popeza panalibenso wina amene agogo akanamukhulupirira. Ndinayala bulangete lija pakhonde, anthu ali mbwee pabwalo, nyimbo zikumveka m'nyumba. Ndinasita malaya, kabudula, ndi kansalu ka biriwita. Pomaliza ndinasita jekete, mbali ziwiri zakutsogolo ndi manja, zolumikizana pakhosi pokha. Ndinaipinda mmene ankanenera n'kupereka kwa amuna amene ankasambitsa thupi.

Posakhalitsa mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wa mudzi woyandikana nawo, anatuluka n'kuitana amayi pambali. Ananong'ona, koma ndinali pafupi. Anati mwina pachitika cholakwika, kaya ndi chiswe kaya ndi makoswe, chifukwa jekete ilibe msana.

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinali nditavala diresi lakuda lobwereka, ndipo pamwamba pake ndinali nditamangapo kolala.

"Msana wake ndi uwo uli pakhosi pa mwanayo," anatero. "Avekeni choncho. Anati adzagona chagada."

Titaloledwa kukaona nkhope, ndinawapeza ali mmene ankafunira: jekete yoyera yopanda khwinya ngakhale limodzi, mabatani onse omangidwa, kabiriwita kakusuzumira m'thumba. Palibe akanadziwa kanthu. Ndinalira kwambiri pamenepo, kuposa tsiku la kuseri kwa khola, chifukwa ndi pamene ndinamvetsa kukula kwa chimene anandidulira.

Lero ndine gogo nanenso. Ndaona madiresi akutalika, kufupika, n'kutalikanso, ndipo mathalauza otambalala kumapazi a amalume aja ndawaona atabwerera pa adzukulu anga, akuti ndi zatsopano. Sindiwaletsa, mwana ayenera kuyesa zambiri kuti apeze chake. Iwo nawo amandiseka kuti telala aliyense m'tauni muno amadziwa kuti diresi la agogo silituluka popanda kolala yoyera yomangira timabatani. Yoyamba ija inatha m'mphepete ndipo inasanduka yachikasu, moti sindiivalanso. Ili mu sutikesi, yositidwa, ndipo mvula ikatha ndimaitulutsa kuti ipitidwe mphepo. Mwana wanga wamkulu ndinamuuza kale tsiku limene adzandimange nayo, ndiponso kuti mbali yakumanzere imakonda kupindika, adzaiyang'anitsitse.